Funsani Malume: Madzi Akathawa Gombe

Kutentha kwa mwezi uno kwakufikani pakhosi, ndaona. Makalata ambiri amene andipeza akununkha madzi okhaokha: wina akufuna nyanja yamchere, wina zilumba, wina ngalawa ya thanga. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndinakulira ku Ndirande, kumene madzi aakulu amene tinkawadziwa anali damu la Mudi. Nyanja yamchere ndinakaiona ndili kale ndi ana awiri, ntchito yolondola katundu wa mabwana ku madoko a Nacala ndi Beira itanditengera kumeneko. Tsono amene akukuyankhaniyu ndi munthu wa kumtunda amene anachitapo manyazi kambirimbiri pagombe.

Malume, ine ndi mayi akunyumba takhala tikuponya kandalama ku banki m'khonde. Tikufuna tikaone nyanja yamchere pa Khirisimasi, mawondo asanayambe kukana. Kufupi ndi kuti? Nanga tingakakwereko ngalawa ya thanga ngati zimene timaona pa zithunzi? — Mphunzitsi, Zingwangwa

Aphunzitsi, maganizo ndi abwino, mwezi wokhawo ndi umene mwaphonya. Koma tiyambe ndi malo.

Nyanja yamchere yapafupi ndi Blantyre ili cha ku Quelimane. Mudzera ku Limbe, Thyolo, Mulanje, n'kutulukira pa chipata cha Muloza. Tsidya linalo ndi Milange, kumene Chichewa chanu chizigwirabe ntchito pamsika. Kuchoka apo ndi Mocuba, kenako Quelimane. Tauniyo ili m'mbali mwa mtsinje, ndipo kuti mukafike pa gombe la Zalala muyendanso makilomita pafupifupi 30 m'kati mwa minda ya kokonati. Gombe lake ndi lalitali zedi, nkhuku yootcha yothira msuzi wa kokonati ndi yonyambitira zala, koma madzi ndi odera chifukwa cha matope a mitsinje ya ku Zambézia. Mayi akayang'ana chithunzi cha m'foni, n'kuyang'ananso madziwo, mudzakhala ndi mlandu.

Kumene ine ndingakutumizeni ndi ku chilumba cha Ilha de Moçambique. Pa Mocuba mukhotera kumpoto, kudutsa Alto Molócuè mpaka Nampula, kenako makilomita ena pafupifupi 180 kudzera pa Monapo. Pa basi muwerengere masiku awiri. Maminibasi a kumeneko, amene eni ake amati chapa, amanyamuka tambala woyamba, ndipo amene wafika 7 koloko amapeza malo oimikapo ali mbee. Amalawi sitifunika viza pa ulendo wosapitirira masiku 30, koma onetsetsani kuti pasipoti yadindidwa pa chipata, ndipo muziyenda nayo m'thumba, chifukwa apolisi a pamsewu amaifuna pafupipafupi.

Za Khirisimasi iwalani. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja imeneyo. Namondwe Gombe anatulukira m'dera lomwelo la Nampula mu Malichi 2022. Freddy, amene ife a Chilobwe ndi Soche sitifuna n'kumva dzina lake lomwe, analowera cha ku Quelimane mu Malichi 2023. Ngakhale popanda namondwe, mvula yokha imatha kukutsekerani njira: mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unadula mlatho pa Mocuba, magalimoto n'kuima tsidya ili ndi tsidya ilo. Inu ndinu mphunzitsi, muli ndi tchuthi cha Ogasiti. Nthawi imeneyo kumwamba kumakhala ngwee, kutentha kumapiririka, ndipo mwayi ukakhala wanu mudzaona anamgumi akupemerera madzi m'mwamba, chifukwa ndi miyezi imene amabwera kudzaswana m'madzi ofunda.

Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita atatu okha m'litali, moti mutha kuchiyenda chonse ola limodzi lisanathe. Mumalowera pa mlatho wautali kuposa chilumbacho, wopapatiza, woti magalimoto awiri sapatukirana pokhapokha pa timalo tina tokonzedwa. Komatu kachilumba kameneka ndi kamene kanapatsa dzina dziko lonse la Mozambique, ndipo kanali likulu la Apwitikizi mpaka 1898 pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Vasco da Gama anakocheza pomwepo mu 1498, n'kupeza amalonda achisilamu atakhazikika kale. Kumapeto kwa chilumba kuli linga la São Sebastião limene anayamba kumanga mu 1558. Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608, koma anabwerera manja ali m'khosi. Mukalowa, musangojambula mizinga. Funsani akuonetseni zitsime zosungira madzi a mvula, chifukwa chilumbacho chilibe mtsinje, ndipo madzi amenewo ndi amene ankasunga moyo wa anthu ozingidwa. Kuseri kwa linga, pamwala womenyedwa ndi mafunde, pali katchalitchi koyera ka mu 1522, kochepa kuposa kalasi imene mumaphunzitsiramo.

Chimene chinandikhudza ine si lingalo. Theka lina la chilumba, kumene kumakhala anthu ambiri, amati Macuti, dzina lochokera ku masamba a kokonati ofolerera nyumba. Mukamayenda pamsewu mumaona madenga ali m'munsi mwa mapazi anu, chifukwa dera limenelo ndi nkhuti zimene anakumbamo miyala yomangira nyumba za mabwana mbali inayo. Anthu ake ndi Amakua, ambiri achisilamu, ndipo amayi amadzola kumaso phala loyera la mtengo wa musiro. Ngati mayi akunyumba ndi a ku Phalombe kapena Thyolo ndipo Chilomwe sanachitaye, adzadabwa kumva mawu ena akugwirizana. N'zosadabwitsa. Njira za minyanga ndi akapolo zochokera kwathu kuno zinkathera pa magombe amenewa.

Tsopano za ngalawa, ndipo apa mundimvetsetse. Tsiku langa loyamba ndinagwirizana ndi mkulu wina mwini ngalawa kuti anditengere ku Ilha de Goa, kachilumba kokhala ndi nsanja ya nyali yotsogolera sitima. Anandiuza kuti ndifike dzuwa lisanatuluke. Ine, munthu wa mu ofesi, ndinati ndiyambe ndamwa tiyi. Nditafika 9 koloko ndinapeza ngalawa ija itagona cham'mbali pamchenga ngati ng'ombe yodwala, madzi ali kutali uko, amayi ali weramuweramu kutola nkhono pamalo pamene dzulo lake panali nyanja. Mtima unangoti myuu, ndinaganiza kuti andidyera ndalama. Mkuluyo anali khale pamthunzi akusoka ukonde, ndipo anangondilozera pansi kuti ndikhale.

Ife tinazolowera nyanja ya Malawi, imene gombe lake ukalisiya madzulo umalipeza pomwepo m'mawa. Yamchere imapuma ngati chifuwa cha munthu. Mwezi wa kumwambawu umakoka madzi, ndiye kawiri pa tsiku amadzaza, kawiri amaphwa: maola pafupifupi 6 akubwera, maola 6 akubwerera. Nthawi yake imasunthanso, tsiku lililonse imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukafa, kusiyanako kumakula, mamita atatu kapena kuposa, ndipo ku Beira amafika mamita 6. Tsono mwini ngalawa akati tinyamuke 5 koloko m'mawa, si nkhanza ayi, akuwerengera madzi.

Tinanyamuka masana. Thanga lake ndi la ngodya zitatu, lopachikidwa pa mtengo wautali wopendama pa mlongoti. Ngalawa yotere singalunjike kumene mphepo ikuchokera, imapita mokhotakhota ngati munthu wokwera phiri la Michiru. Pokhota paliponse anyamata amamasula chingwe, n'kuzunguza mtengo wonse uja kuseri kwa mlongoti, inu okwera n'kuuzidwa kusamukira mbali inayo pamodzi ndi matumba a mchenga. Kamnyamata kena ntchito yake ndi imodzi basi, kukapa madzi ndi chigubu chodula. Musaope, ngalawa yamatabwa imalowa madzi pang'onopang'ono mwachibadwa. Muope mukaona kuti wokapa palibe. Ndipo injini ikakhala kulibe mumamva zinthu zimene simunamvepo: madzi akunong'ona m'mbali mwa matabwa, chingwe chikulira, nsalu ikuti phaphapha kenako n'kukhuta mphepo.

Pobwerera mphepo inangoti zii. Thanga linalendewera ngati chitenje pa chingwe. Chilumba tikuchiona apo, koma osasendera. Ndinayamba kulalata, kuloza wotchi, kunena za basi ya m'mawa. Mkulu uja anandipatsa chinangwa chootcha, anyamata n'kutulutsa nkhafi. Tinafika nyenyezi zili mbuu kumwamba, ine manja atatupa chifukwa pamapeto pake ndinapalasa nawo. Kumbukiraninso kuti kumeneko wotchi ndi yofanana ndi yathu koma dzikolo lili kum'mawa kwambiri, moti mu Juni kapena Julayi dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko.

Choncho tsiku la ngalawa musaikepo china chilichonse. Mtengo mugwirizane muli pamtunda, wa kupita ndi kubwera, ndipo theka mulipire mutabwerako. Madzi akumwa nyamulani ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Ngati mayi ali ndi mantha, yambani ndi ulendo waufupi wowoloka kupita ku Cabaceira, tsidya la kumtunda, kumene madzi ndi otetezeka.

Malume, bambo akunyumba akakamira zoti tikakwere boti pa tchuthi. Ine ndimasanza ngakhale pa minibasi ya ku Zomba, kusambiranso sinditha. Ndikane bwanji osawakhumudwitsa? — Mayi wa ana atatu, Bangwe

Mayi, musakane msanga. Nkhani zanu ndi ziwiri, ndipo imodzi ndi yaing'ono.

Mseru ndi mkangano wa maso ndi khutu. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kamene kamauza ubongo kuti thupi lapendama. Mukakhala pansi m'boti maso ali pa foni, maso amati takhala phee, khutu likuti tikugwedezeka, ndipo mlanduwo umakathera m'mimba. Mankhwala ake oyamba ndi aulere: khalani pakati pa boti, pamene sipadumpha kwambiri, poti mphepo izikuombani kumaso, kutali ndi utsi wa injini, ndipo maso akhale uko kumene madzi akumana ndi thambo. Musakwere ndi njala, komanso musakwere mutakhuta chipisi cha mafuta. Ine ndimatafuna kachidutswa ka jinja wamuwisi. Mapiritsi a mseru wa paulendo amapezeka m'mafamase a mu Limbe ndi mu tauni. Amamwedwa musanakwere, osati mutayamba kale kudzimvera chisoni, ndipo ambiri amagonetsa. Ngati muli oyembekezera kapena mumamwa mankhwala ena, yambani mwafunsa adokotala. Zikakanika, sanzirani mbali imene mphepo ikupita. Izi ndinaziphunzira mochititsa manyazi, malaya a munthu wosalakwa ndi amene analipira.

Nkhani yaikulu ndi yachiwiriyo. Wosatha kusambira asakwere popanda jekete yoyandamitsa, ndipo ivalidwe, imangidwe, osati kuikhalira ngati khushoni. Anawo akhale ndi za msinkhu wawo, chifukwa ya munthu wamkulu mwana amapulumukamo ngati nsomba. Mwini boti akati majekete ali m'nyumba, dikirani akatenge. Akaseka, mubwerere. Muyang'anenso mmene botilo lakhalira pamadzi anthu atakwera: ngati m'mphepete mwake mwatsala pang'ono kupsompsona madzi, tsikani, ngakhale mutalipira kale. Mu Seputembala 2011 sitima ya Spice Islander inamira usiku pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba ku Zanzibar itadzaza mopyola muyeso, ndipo anthu mazanamazana anathera pomwepo. Ena anakana kukwera ataona mmene inapendamira pa doko. Amenewo tsiku limenelo ankaoneka ngati amantha.

Bambowo muwauze chonchi: ndikwera, koma boti ndisankha ndine. Akavomera, pitani. Akakana, akwere okha, inu mukhale pamthunzi ndi ana muziwakupizira dzanja.

Achimwene, ndimapita ku Dar es Salaam kukaoda zitenje ndi nsapato ku Kariakoo. Nthawi zina ndimakhala masiku awiri ndikudikira katundu. Anzanga amati Zanzibar ndi ya azungu. N'zoona? — Mayi wa geni, Msika wa Limbe

Achemwali, anzanuwo akunena za mahotela a m'magombe a kumpoto ndi kum'mawa kwa chilumbacho, ndipo pamenepo sakunama, mitengo yake ndi ya madola. Koma mwayenda kale ulendo wonse wa Karonga, Songwe, Mbeya mpaka Dar, msana utauma gwa. Chatsala ndi maola awiri okha pa boti lothamanga. Kubwerera osaona Zanzibar kuli ngati kufika pa Chitakale n'kukana kudzutsa maso kuona phiri la Mulanje.

Tikiti mukagule pa windo la ofesi yeniyeni pa doko, osati kwa anyamata okuthamangirani ndi mapepala m'manja. Mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa nzika. Pasipoti nyamulani, chifukwa ngakhale Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964, pa doko amaiyang'anabe ngati mukulowa dziko lina. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma la kumeneko linakhazikitsanso inshulansi ya alendo ochokera kunja, choncho funsani za imeneyo musanalipire boti. Ndipo poti mumayenda ku Dar mukudziwa kale msampha wa nthawi ya Chiswahili: akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa, komanso wotchi yawo ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Ndinaonapo bambo wina wa kwathu kuno akulira pa doko chifukwa cha masamu amenewa.

Masiku awiri akukwanirani Stone Town, tauni yakale ya pa Zanzibar. Tinjira take ndi topapatiza moti galimoto silowa, ndipo mudzasochera, palibe kuchitira mwina. Musavutike, mukangoyendabe mutulukira kunyanja. Pitani ku tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene anamanga pamalo pamene panali msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873. M'katimo muli kamtanda kosemedwa kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia. Mzinda wathu uno wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo kwa munthu ameneyo. Ine nditatsikira m'tizipinda tapansi timene amaonetsa alendo pafupi ndi tchalitchicho, ndinakumbukira Nkhotakota, kumene Jumbe ankawolotsa anthu pa ngalawa za thanga, ulendo wa ku Kilwa. Ena mwa anthu amene anagulitsidwa pa msika umenewo ankalankhula chinenero chimene mukuwerengachi. Ndinatuluka osafuna kuyankhula ndi munthu.

Madzulo pitani ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja, kumene amaotcha nsomba ndi kufinya madzi a nzimbe othira jinja ndi ndimu. Funsani mtengo musanaloze chakudya. Pamene dzuwa likulowa mudzaona majahazi, ngalawa zikuluzikulu za katundu, zikutuluka matanga ali tambalale. Zimayendera mphepo ziwiri zimene zakhala zikulamula malonda a gombe limenelo kuyambira makedzana: kaskazi, yochokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndi kusi, yochokera kum'mwera kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala. Amalonda a ku Arabia ndi India ankabwera ndi kaskazi, n'kudikira miyezi kuti kusi awabweze kwawo. Podikirapo ankakwatira, n'chifukwa chake nkhope za ku Zanzibar zili mmene zililimo. Nthawi ya kusi boti la masana lobwerera ku Dar limadumpha kwambiri, ndiye sankhani la m'mawa.

M'mawa mwake, ngati nthawi ilipo, kaboti ka injini kakufikitsani pa chilumba cha Changuu m'theka la ola. Pali akamba akuluakulu oti mwana n'kukwerapo, amene makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919. Valani modzilemekeza, chitenje chanu chomwecho n'chokwanira, ndipo m'mwezi wa Ramadani musadyere pamsewu masana. Poti ndinu wa geni, sindikukayika kuti mubwerako ndi kathumba ka zokometsera zakudya koti mukayese pa benchi.

Malume, ndine mnyamata wa zaka 24, pasipoti ndilibe, ndalama zakunja ndiye musanene. Kodi ife zilumba tizingoziona pa Facebook? — Wokonza mafoni, Chirimba

Mphwanga, uli ndi zilumba m'dziko lako lomwe, ndipo sizifuna chidindo cha munthu.

Kwera basi ya ku Mangochi mpaka Monkey Bay, ukakwere Ilala. Sitima imeneyo ndi gogo: inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Mwachizolowezi imanyamuka Lachisanu kulowera kumpoto mpaka Chilumba, n'kubwerera, pafupifupi sabata yathunthu. Koma gogo amadwaladwala, ndiye uyambe wafunsa ngati ikuyenda sabata imeneyo usanawononge thiransipoti. Tikiti yotsika mtengo ndi ya pansi, pamodzi ndi matumba a ufa, usipa, malata ndi nkhuku. Ukatha kuwonjezera pang'ono, gona pamwamba poyera, koma utenge bulangete, chifukwa mphepo ya pakati pa nyanja usiku ilibe chibale. M'malo ambiri sitima imaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, pomaliza n'kuvuula m'madzi ofika m'chiuno katundu ali pamutu. Mafoni umawadziwa ndiwe, uika m'pulasitiki.

Utsike pa Likoma. Chilumbachi ndi cha Malawi koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, mapiri a tsidya lija umawaona ngati ungawakhudze. Pali milambe yambirimbiri, ndiponso tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukaima pakhomo pake udzadzifunsa kuti nyumba yaikulu chonchi inafika bwanji pa kachilumba kotere. Ngalawa za thanga ziliponso, zimawoloka kupita ku Cóbuè, zofanana ndithu ndi za ku gombe la nyanja yamchere, poti luso lake linachokera komweko. Ukaona chinthu ngati utsi chikufuka pakati pa madzi, si sitima ikupsa, ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono timene anthu a m'mbali mwa nyanja amatigwira n'kupanga ndiwo.

Usaidelere nyanjayi poti ilibe mchere. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo mafunde ake amadwalitsa ngakhale asodzi. Chauncy Maples, mmishonale amene ankatsogolera mishoni ya Likoma, anamira mu 1895 ngalawa yake ya thanga itagubuduzika ndi mphepo, atangodzozedwa kumene ubishopu. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yabwino. Ndalama zikachepa kwambiri, Cape Maclear ili pafupi ndi Monkey Bay pomwepo. Mukasonkherana anayi kapena asanu, boti likutengerani ku chilumba cha Thumbi, kumene mbuna za mitundumitundu zimakudyera m'manja ndipo nkhwazi imatsika kudzatola nsomba imene mwaiponyera. Ukabwerako ukayezetse likodzo pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Malume, ndinaona zithunzi za chilumba cha Ibo ndi zilumba za Quirimbas. Njira yake ndi iti? — Namwino, Chilomoni

Mayi, pakadali pano njira yake sindikupatsani. Zilumbazo zili m'chigawo cha Cabo Delgado, kumene zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo Ibo inasakazidwanso ndi namondwe Kenneth mu Epulo 2019. Zithunzi zimene mwaonazo mwina ndi za kale. Ngati mtima uli pa mchenga woyera ndi madzi obiriwira, lowerani kum'mwera: Mwanza, Zóbuè, Tete, Chimoio, Inchope, mpaka Vilankulo. Ndi kutali, ndipo msewu wina m'menemo ndi wotopetsa, koma kuchokera pamenepo ngalawa zimapita ku Magaruque, Benguerra ndi Bazaruto, zilumba zotetezedwa ndi boma kuyambira 1971. Polowa pamakhala chiphaso cholipira, ndiye funsani ngati chili kale m'kati mwa mtengo wa boti. Kugona pa zilumbapo ndi kwa anthu a matumba akuya. Ife timagona ku Vilankulo, kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Malume, agogo anga amva kuti ndikupita ku Beira ndi lole ya kuntchito. Andituma madzi a m'nyanja yamchere, akuti ndi mankhwala otsuka m'mimba ndi kuchotsa minyama. Ndiwatengere? — Wothandiza dalaivala, Machinjiri

Mdzukulu, ine amene ndinatumidwa ndi apongozi, ndipo ndinanyamula, chifukwa kukana apongozi ndi nkhani ina. Za minyamazo ndisiyira agogo ndi abusa awo. Koma zakumwa ndikukaniza. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, wochuluka kuposa umene impso zingathe kutulutsa popanda kutapa madzi ena m'thupi. Munthu amatsegula m'mimba, n'kumati mankhwala akugwira, pamene thupi likuuma. Kwa gogo, makamaka ngati ali ndi BP, ndi zoopsa. Komanso madzi a pafupi ndi doko la Beira ndi osakanikirana ndi mafuta a sitima ndi zonyansa za mu mzinda.

Atengere kabotolo kakang'ono, uthiremo timchenga ndi tizigoba tiwiri kuti akhulupirire kuti unafikadi, ndipo uwauze kuti ndi owaza pakhomo basi. Chitsekerero umange ndi tepi. Langa linatayikira m'chikwama cha m'ma Tete, n'kunyowetsa mapepala onse a katundu, ndipo pa Mwanza ndinakhala maola atatu ndikuwayanika pa boneti limodzilimodzi.